Ng'ombe zikaphunzira kutayipa

 

Mwandipempha kuti ndilankhule za mabuku a ana. Mabuku a ana alipo ambiri, ndipo nditati ndiyambe kuwatchula limodzilimodzi tingagone pompano. Tsono ndasankhapo kamodzi kokha, kabuku ka masamba 32 kamene munthu wamkulu angakamalize madzi a tiyi asanawire. Dzina lake ndi Click, Clack, Moo: Cows That Type. Mau awiri oyambawo akutsanzira kulira kwa makina otayipira, aja a m'maofesi akale amene ambiri timangowatcha tayipi, ndipo lachitatulo ndi kulira kwa ng'ombe. Pa Chichewa tingangoti ng'ombe zodziwa kutayipa.

Analemba kabukuka ndi mayi wa ku America, Doreen Cronin, amene pa nthawi imene kabukuka kankatuluka ankagwira ntchito ya uloya mumzinda wa New York. Zithunzi anajambula ndi mayi wina, Betsy Lewin. Kanatuluka m'chaka cha 2000 ku kampani ya Simon & Schuster, ndipo mu 2001 kanalandira ulemu wa Caldecott Honor, umene bungwe la malaibulale a ku America, American Library Association, limapereka ku mabuku a ana a zithunzi zopambana. Mfundo yoti wolembayo anali loya muisunge, muona ntchito yake kutsogoloku.

Nkhani yake ili motere. Pa famu ina pali mlimi, bambo Brown. Ng'ombe zake zatola tayipi yakale m'khola ndipo tsiku lonse zikungokhalira kugogoda. Bamboyo sakukhulupirira makutu ake. Kenaka apeza kalata itakhomedwa pa chitseko cha khola. Ng'ombe zikuti m'kholamo mumazizira usiku, choncho zikupempha mabulangete a magetsi. Awa ndi mabulangete okhala ndi tizingwe ta magetsi m'kati, amene anthu a m'maiko ozizira amalumikiza ku khoma kuti azifunda bwino. Ng'ombe za kwathu kuno zikanayamba zapempha magetsiwo, koma izi tizisiye.

Bambo Brown akana kwamtuwagalu. Ng'ombe zikhoma chikalata china chodziwitsa kuti lero kulibe mkaka. Mawa lake kalata inanso: nkhuku nazo zikumva kuzizira, zikufuna mabulangete. Mlimi akanabe, ndipo mazira nawo aleka kutuluka. Apa bambo Brown atulutsa tayipi yaoyao, nalemba yankho loti mabulangete sapereka, popeza izo ndi ng'ombe ndi nkhuku basi, ndipo iwo akufuna mkaka ndi mazira. Wonyamula chenjezoli ndi Bakha, chifukwa iye sali mbali iriyonse. Ndi mkhalapakati.

Usiku ng'ombe zichita msonkhano wadzidzidzi. Ziweto zina zibwera kudzamvetsera mobisa, koma palibe chimene zikutolapo chifukwa sizimva chinenero cha ng'ombe. M'mawa Bakha agogoda kwa mlimi ndi yankho. Ng'ombe zalola kupereka tayipi ija posinthana ndi mabulangete. Mlimi aona kuti malondawa ndi abwino, asiya mabulangete pa khomo la khola, nayamba kudikira kuti Bakha abweretse tayipi. Chimene chinabwera ndi kalata ina. Abakha akuti pa dziwe pao mposasangalatsa, ndiye akufuna thabwa lodumphira m'madzi. Pa tsamba lomaliza tikuona thabwalo laikidwa kale, bakha ali chadodolido kulowa m'madzi.

Nkhani yonse ndi imeneyi. Ana amaseka mpaka misozi. Amaseka ng'ombe yaikulu ikugogoda tizilembo ndi ziboda, amaseka nkhope ya bambo Brown, amaseka nkhuku zitagona mwamtendere m'mabulangete. Kusekako nkofunika, ndipo asakunamizeni munthu kuti buku loseketsa ndi buku lopanda nzeru. Mwana akaseka amati muwerengenso, ndipo buku lowerengedwa kakhumi limakhazikika m'mutu kuposa ulaliki womvedwa kamodzi. Koma ife akuluakulu tiyeni tione zimene zabisala kuseri kwa nsekozo.

Choyamba, dzifunseni kuti ng'ombe zinayamba liti kumva kuzizira. Khola silinayambe kuzizira tsiku limene tayipi inapezeka. Ng'ombezo ziyenera kuti zinkalira usiku uliwonse, zaka ndi zaka, koma kwa bambo Brown kulira kwa ng'ombe ndi phokoso chabe. Chimene chinasintha ndi chakuti dandaulo lija linalembedwa pa pepala, m'chinenero chimene mwini famu amamva, ndi kukhomedwa poonekera. Mau apakamwa munthu angathe kunena kuti sanawamve. Pepala limakhala pomwepo mpaka mawa, aliyense wodutsa amaliwerenga, ndipo limasanduka mboni. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ng'ombe zinamva m'mimba kalekale, koma chitseko chinatseguka zitadziwa kulemba.

Onaninso chimene bambo Brown anachita mosadziwa. Pofuna kukana, anakhala pansi nkutayipa kalata yopita kwa ng'ombe zao. Munthu salembera kalata khasu lake kapena ngolo yake. Tsiku limene mlimiyo anayankha molemba, anavomera kuti m'kholamo muli ena ake oyenera kuyankhidwa. Yankho lake linali lokana, inde, koma kukambirana kunali kutayamba. Apa ndi pamene mukuonera dzanja la loya.

Chachiwiri ndi ulemu. Makalata onse a ng'ombe ndi olembedwa monga m'mene aphunzitsi amaphunzitsira ku pulayimale: moni waulemu pamwamba, nkhani yake mwachidule, ndi dzina la olemba pansi. Mulibe chipongwe, mulibe kutukwana, mulibe kuopseza kuti tikugundani ndi nyanga. Ng'ombe zili ndi nyanga ndi mphamvu zokwanira kugwetsa kholalo, koma sizinathyole ngakhale thabwa limodzi. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa ife, chifukwa ambiri tinaleredwa pomva kuti mwana waulemu ndi amene sayankha, safunsa, amangoti inde. Tinasokoneza ulemu ndi mantha mpaka ziwirizi zinayamba kuoneka ngati chinthu chimodzi. Kabukuka kakuonetsa mwana kuti angathe kugwada, kupereka moni, nkunena molimba mtima kuti pano pakuzizira. Makolo athu omwe ankadziwa zimenezi, nchifukwa chake anatisiyira mwambi woti safunsa anadya phula.

Chachitatu ndi nkhuku. Nkhuku sizidziwa kutayipa, ndipo ng'ombe zikanatha kungoganiza za msana wao. Koma zinalemba kalata m'malo mwa nkhuku, ndipo nkhukuzo zinalowa nawo sitalaka. Mkaka wokha utasowa mlimi anapirira. Mazira atasowanso anayamba kufuula kuti famu angaiyendetse bwanji. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Pamenepa mwana amaphunzira chinthu chimene akuluakulu ambiri amaiwala: kuti chakudya cha pa tebulo la bwana chimachokera kwa wina amene amagona m'khola lozizira. Ndipo taonani yankho la bwanayo. Sananene kuti mabulangete ndi odula, kapena kuti m'khola simuzizira. Anangozikumbutsa kuti ndi ng'ombe ndi nkhuku. Munthu akasowa mfundo amakukumbutsa malo ako. Mwana amene waseka bambo Brown pa yankho limeneli adzalizindikira akadzalimva ali wamkulu, kaya ku ntchito, kaya ku ofesi ya boma, kaya m'banja.

Tsopano ndifike pa chimene ndadzera. Ana ambiri, ndi akulu omwe, akafika kumapeto amati ng'ombe zapambana. Zapeza mabulangete, nkhuku nazo zafunda. Nzoona. Koma zapereka chiyani? Ndipo nchifukwa ninji bambo Brown, amene anakana kawiri konse, anavomera msangamsanga atangomva za kusinthana? Mlimi uja si wopusa. Anaona kuti mabulangete ndi mtengo wolipira kamodzi, pamene tayipi ndi vuto la masiku onse. Lero mabulangete, mawa msipu, mkuja madzi akumwa. Kwa iye kugula tayipi ndi mabulangete angapo kunali kugula chete wa m'khola mpaka kalekale. Bulangete limang'ambika, magetsi amazima, nyengo yozizira imabweranso chaka chamawa. Tsiku limenelo ng'ombe zidzalemba ndi chiyani?

Kabukuka sikayankha funso limeneli, ndipo kanachita bwino kulisiya lotseguka. Chimene kakutionetsa ndi chakuti chiwembu cha mlimi chinalephereka pa chifukwa chimodzi chokha: tayipi sinabwerere m'nyumba. Bakha, poyenda uku ndi uku ndi makalata a eni ake, anaona m'mene pepala limagwirira ntchito, ndipo naye anaphunzira. Luso linachoka m'khola kupita ku dziwe. Bambo Brown akanatha kulanda makina, koma sakanatha kulanda zimene ziweto zinali zitaona ndi maso.

Kuti mumvetse kukula kwa mfundoyi, yerekezani ndi buku lina la ziweto za pa famu limene ambiri munaliwerenga ku sekondale, Animal Farm la George Orwell, lotuluka mu 1945. Limenelo si la ana ang'ono, ndipo silithera mu nseko. M'menemo ziweto zikuthamangitsa mlimi nkutenga famu. Koma zodziwa bwino kulemba ndi kuwerenga ndi nkhumba. Malamulo a ziweto analembedwa pa khoma, ndipo nkhumba zinkawasintha pang'onopang'ono usiku, ziweto zinzake nkumangodabwa kuti kodi kapena takumbukira molakwa. Pomaliza nkhumba zinasanduka mlimi watsopano, woipa kuposa woyamba. Kwa Orwell kulemba kunakhala m'manja mwa ochepa ndipo kunasanduka chikoti. Kwa mayi Cronin kulemba kukufalikira kuchoka kwa ng'ombe kupita kwa abakha, mlimi sanathamangitsidwe, palibe wakhetsa magazi, koma famu yasinthiratu. Palinso kabuku kena ka ana, Farmer Duck ka Martin Waddell ndi Helen Oxenbury, ka mu 1991, m'mene ziweto zikupitikitsa mlimi waulesi amene ankangogona bakha akumugwirira ntchito zonse. Nako nkokoma, koma kuthamangitsa bwana ndi nkhani ya tsiku limodzi. Kukhala naye pa famu imodzi, nkumamuyankhitsa mafunso chaka ndi chaka, ndiyo ntchito yovuta.

Musaganize kuti ndikumuyeretsa Bakha. Anatumidwa kukapereka tayipi ndipo sanakapereke. Anadzitcha wosakondera mbali, chonsecho anali ndi zake m'thumba. Mayi Cronin ndi mayi Lewin anamudziwa bwino mnyamata ameneyu, chifukwa mu 2004 anatulutsa kabuku kena, Duck for President, m'mene Bakha yemweyo, potopa ndi ntchito za pa famu, akuyitanitsa chisankho, akugonjetsa bambo Brown, akukwera mpaka kukhala pulezidenti wa dziko, kenaka nkuona kuti ntchitoyo njolemetsa nkubwerera ku famu. Choncho mwana aphunzire ziwiri nthawi imodzi: kuti mkhalapakati ngwofunika pamene mbali ziwiri sizikulankhulana, komanso kuti mkhalapakatiyo muzimuyang'ana m'manja.

Kabukuka nka ku America ndipo kanalembedwera ana a kumeneko. Mayi Cronin sankaganiza za ife. Koma amene muli ndi imvi m'chipinda muno simufuna wokutanthauzirani, chifukwa munaona ndi maso zimene ine ndinangowerenga, popeza ndinali ndisanabadwe. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse lino. Zimene inanena, za umphawi, malipiro ochepa ndi mantha olankhula, anthu ankazinong'ona kale m'nyumba zao. Chatsopano chinali chakuti zinalembedwa, zinasainidwa ndi kuwerengedwa poyera, mwaulemu. Boma la nthawiyo linati kalatayo njoukira ndipo kupezeka nayo unali mlandu. Mu May chaka chomwecho antchito a ku David Whitehead and Sons mu Blantyre ananyanyala ntchito, ndipo sitalaka inafalikira m'makampani ena. Kumeneko kunalibe nseko, anthu anaphedwa m'misewu. Pa 14 June 1993 a Malawi anavotera matipate pa riferendamu, ndipo malamulo oyendetsera dziko amene anabwera mu 1994 anateteza ufulu wolankhula mu gawo 35, ufulu wa atolankhani mu gawo 36, ndi ufulu wonyanyala ntchito mu gawo 31. Imeneyo ndiyo tayipi yathu, ndipo inagulidwa modula. Chiyambire pamenepo, nyengo ya chisankho ikafika sipalephera kubwera wina ndi nsalu, tisheti kapena kandalama ka m'manja. Mwana amene anafunsidwapo ali wamng'ono ngati ng'ombe zinachita bwino kugulitsa tayipi adzakhala ndi poyambira kuganiza tsiku limene adzapatsidwe bulangete lake.

Ndikudziwa kuti ena mwa makolo muli ndi nkhawa. Mukuti kodi tikawerengera ana zimenezi, mawa sadzakana kutsuka mbale mpaka titawagulira nsapato zatsopano? Funso limeneli ndi lomveka, ndipo yankho lake lili m'kabuku momwemo. Ng'ombe zinapempha chofunda chifukwa zinkazizidwa. Abakha anapempha thabwa chifukwa ankafuna kusewera. Zinthu ziwirizi nzosiyana, ndipo mwana wa zaka zisanu angathe kuona kusiyanako mukamufunsa. Mufunseninso za bambo Brown. Iwonso ali ndi vuto lenileni, pakuti famu yopanda mkaka ndi mazira singakhalitse, ndipo ikagwa ng'ombe zomwezo zidzasowa khola. Kodi apereke chilichonse chimene chalembedwa pa pepala? Ndalama zake zichokera kuti? Nanga akanayankha bwanji tsiku loyamba kuti zinthu zisafike pa sitalaka? Mwana amene wasinkhasinkha mafunso awa saphunzira mwano. Amaphunzira kuti pempho liyenera kukhala ndi chifukwa, ndiponso kuti kukana nako kuyenera kukhala ndi chifukwa. Ndipo inu bambo, mwana wanu akadzakubweretserani kakalata kolembedwa ndi pensulo kopempha bulangete m'mwezi wa June, musadzathamangire shamu. Mudzayambe mwakagwira chofunda chake kuti muone ngati sichinathe. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Tisaiwalenso kuti ng'ombe za m'bukuli ndi ng'ombe ndithu. Mwana wa kumudzi amene amaweta ziweto amadziwa khola la matope ofika m'maondo nthawi ya dzinja, amadziwa ng'ombe ya pa ngolo yokhala ndi zilonda pa khosi. Zimenezo sizidzatola tayipi. Kumufunsa mwanayo kuti ng'ombe za kwanu zikanadziwa kulemba zikanalemba chiyani, ndi njira yomuphunzitsira chifundo kwa chilichonse chimene sichingadzilankhulire.

Tsono kwa aphunzitsi ndi makolo amene mungakapeze kabukuka, pempho langa ndi ili. Musakasandutse phunziro la mayeso. Ulendo woyamba ingowerengani, muchite mau a bambo Brown mokwiya, ana alire ngati ng'ombe mpaka a kalasi yoyandikana adandaule. Ana a lero sanaionepo tayipi, ndiye auzeni kuti ndi agogo ake a kompyuta ndi foni, makina olemba zilembo pa pepala popanda magetsi. Chizungu chake nchapafupi, koma mukhoza kufotokoza nkhaniyo m'Chichewa mukuonetsa zithunzi. Ulendo wachiwiri kapena wachitatu imani pamene ng'ombe zikuchita msonkhano, tsekani buku, nkufunsa kuti mukanakhala inu mukanagwirizana zotani. Mudzamva mayankho odabwitsa. Ndipo musawauze yankho lanu. Ngati buku lonse likunena za kupatsa ena mpata wolankhula, nkulakwa kuliphunzitsa mphunzitsi akulankhula yekha. Pomaliza apatseni pepala alembe kalata yaoyao, yaulemu, yopita kwa aliyense amene akufuna, yonena chinthu chimodzi chimene chikuwavuta. Kenaka inu muiyankhe molemba, ngakhale yankho lake likhale lokana.

Kwa anzanga olemba ndi ojambula ndili ndi mau amodzi. Kuseka wamphamvu kudzera m'nyama si nzeru yochokera kunja. Agogo athu ankachita zimenezi madzulo pa moto, ndi Kalulu, Fisi, Njovu ndi Kamba, ndipo mfumu Mkango ankapusitsidwa ana akuombera m'manja. Chimene chikuchepa ndi mabuku a zithunzi oseketsa, a m'zinenero zathu, onena za mbuzi, nkhanga ndi abulu a m'midzi mwathu muno. Mabuku ambiri amene timapatsa ana ndi olangiza ndi oopseza: mwana wosamvera anadyedwa ndi fisi, mwana waulesi anafa ndi njala. Malangizo ngabwino, koma mwana woleredwa ndi mantha okhaokha amakula nkukhala nzika yongoti inde bwana. M'mera mpoyamba. Mayi Lewin anajambula zithunzi zao ndi burashi ndi utoto wa madzi. Zinafuna munthu woyang'anitsitsa ng'ombe mpaka kuona kuti ili ndi nkhope yoseketsa.

Wapampando, nthawi yanga yatha. Mukapita kunyumba madzulo ano, afotokozereni ana nkhani ya ng'ombe zija, ngakhale mulibe bukulo m'manja. Mukafika pamene mlimi akuika mabulangete pa khomo la khola, muwafunse ngati iwo akanapereka tayipi. Akayankha, muwafunsenso chifukwa chake, ndipo mumvetsere mpaka amalize.